Mlendo wandevu pamzere wa makanda

Nkhani iyi kwathu ku Ntcheu sindinauzepo munthu, ndipo wina akandizindikira asadzayerekeze kundifunsa pamsika, ndidzamuyankha zoti sadzaiwala. Ndikuilemba chifukwa yandikhala pakhosi miyezi itatu tsopano. Ine munthu wamkulu, ndevu zaimvi, ndinasekedwa ndi mpingo wathunthu ku Bangwe, mpaka woimba kiyibodi anagwetsa chipumi pa kiyibodi yakeyo n'kumalira yokha. Mpaka lero ndikakumbuka ndimapsa mtima, kungoti sindidziwa kuti ndipsere ndani.

Ndiyambe ndi khutu, poti zonse zinayambira pamenepo. Ntchito yanga ndi yokhoma ndowa, mbaula ndi makeni othirira m'dimba. Sukulu ndinalekera Sitandade 4, kuchokera pamenepo ndi nyundo ndi lata basi. Nyundoyo yandidyetsa, koma inandiphera khutu lakumanzere. Lakumanja limamva, koma limasankha. Munthu akayankhula mawu asanu limatola atatu, awiri otsalawo ndimaikamo anga. (Malemu akazi anga ankati vuto si khutu, vuto ndi loti mawu awiri amene ndimaikamowo amakhala a ndewu nthawi zonse. Akatero ndinkawakalipira, iwo n'kungoti mwaonatu.)

Kuchipatala cha kwathu anandilembera kalata kuti ndikaonane ndi madokotala a makutu ku Blantyre. Ndinafika Lachinayi madzulo. Lachisanu ndinakhala pabenchi kuyambira m'mawa, dzuwa litapendeka akundiuza kuti oyeza makutuwo abwera Lolemba. Ndinakalipa ndithu, koma namwinoyo anangondiyang'ana ngati akudikira kuti mvula ikate, nditamaliza anati, Lolemba bambo. Kubwerera ku Ntcheu n'kudzabweranso kunali kungodzizunza, ndiye ndinapeza kachipinda pa resitihausi ina ku Mbayani.

M'kachipindamo munali bedi, msomali wopachikapo jekete, ndi zenera loyang'ana khoma la nyumba ina. Basi. Ku Mbayani anthu ndi ambiri zedi, m'mawa amatsetsereka wapansi kupita m'tauni, madzulo n'kubwerera, mapewa kugundana, koma palibe ndi mmodzi yemwe woti mwadzuka bwanji. Kwathu ngakhale anthu amene ndinayambana nawo (ndi ambiri) amandipatsa moni. Moni wake wouma, komabe ndi moni. Loweruka ndinayenda mpaka ku Ndirande kukaona anzanga okhoma zidebe. Ndinaima pambali nthawi yaitali ndikuonerera, manja akuyabwa, kenako ndinauza mmodzi kuti mpendero wa ndowa yake wakhota. Anandifunsa ngati ndikugula. Nditati ayi anapitiriza kukhoma. Tsiku lonse la Loweruka macheza anga anali amenewo. Kunyumba nakonso ndimakhala ndekha chimwalirireni akazi anga, koma kumeneko kuli nyundo. Ukamakhoma lata sumva kuti m'nyumba muli zii.

Tsopano pali chinthu chimene ndakhala ndikuchizemba. Ndili ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi, dzina lake Enelesi, ndipo amakhala ku Blantyre komweko. Zaka zinayi zapitazo anapita kukaphunzira zosoka, kumeneko anakumana ndi mnyamata wa mpingo wina wa masiku anowa, ija amapemphera mokuwa onse nthawi imodzi. Anamubatizanso mumtsinje, mwana woti ndinamunyamula ndekha kupita naye ku ubatizo ali wa miyezi itatu, ngati kuti madzi a kwathu anali osakwana. Amalume ake a Enelesi anavomera ukwatiwo, amayi ake anavomera, ine ayi. Mnyamatayo atabwera kudzaonekera pakhomo ndinamuthamangitsa ndi chidebe chimene ndinkakhoma. Kuukwati sindinapite. Pamaliro a amayi ake, Enelesi anabwera, anagwada patsogolo panga, ine ndinayang'ana kumbali. Kenako anayamba kumaimba foni, ndiye ndinapita kwa wokonza mafoni pamsika kuti anditsekere nambala yake isamalowe. Anandifunsa kawiri ngati ndatsimikiza. Ndinamufunsa ngati foniyo ndi yake.

Amene ankayankhulabe ndi Enelesi ndi achemwali anga a ku Balaka. Ine sindinkafunsa, koma iwo akabwera ankangoyankhula okha, ine n'kumakhoma ndowa ngati sindikumva, khutu labwinolo nditalitembenuzira kwa iwo. Ndi mmene ndinadziwira kuti amapemphera ku Bangwe, mu holo ya malata kumtunda kwa msika, mpingo wa dzina lalitali la Chingerezi. Chaka chatha ndinayambana nawonso achemwaliwo (nkhani ya malire a munda, iwo ndi amene analakwa), ndiye nkhani za ku Blantyre zinasiya kundipeza.

Lamulungu m'mawa ndinadzutsidwa ndi mwazini wa mzikiti wapafupi. Ndinasamba, ndinavala jekete, ndinatenga Baibulo, buku la nyimbo ndi khadi langa la mpingo. Ndinadziuza kuti ndikupita kukapemphera basi, kukhala paulendo si chifukwa chojombera. Kuchoka ku Mbayani kukafika ku Bangwe ndinakwera minibasi ziwiri, ina mpaka ku Limbe, ina yokwera kumtunda, ndipo m'njiramo ndinadutsa matchalitchi ambirimbiri, awiri a mpingo wathu womwe, belu likulira, amayi a yunifomu akulowa. Sindinatsike. Ndiye za kupemphera basizo muweruze nokha.

Pulani ndinali nayo, ndipo inali yabwino. Kumpingo kwathu ikafika nthawi ya zolengeza, mkulu wa mpingo amati alendo aimirire. Mlendo amaimirira, amatchula dzina, mudzi, mpingo wochokera, n'kupereka moni wa Akhristu a kwawo. Mpingo umayankha, ndipo potuluka sipalephera wina womutengera kunyumba kukadya. Mwambo umenewu ndimaudziwa bwino, ndinakhalapo dikoni (miyezi isanu ndi itatu, anandipumitsa nditakalipira kwaya pakati pa nyimbo). Ndiye ndinati akaitana alendo ndiimirira, nditchula dzina langa mokweza, Enelesi amva. Akamva abwera yekha kudzandipatsa moni. Zikatero palibe anganene kuti ndinapita kukamupepesa. Ine ndangobwera kudzapemphera ngati mlendo wina aliyense, wayamba ndi iyeyo. Mawu ake ndinawayeserera Loweruka madzulo onse ndikuyang'ana msomali uja.

Holoyo sinandivute kupeza, phokoso lake limalowera m'chifuwa osati m'khutu. Pakhomo panali mayi wovala lamba wofiira paphewa, amene amakhazika anthu pansi. Anandimwetulira n'kuti mwalandiridwa dadi. Ine dadi wake wa ndani. Ndinafunsa mbali ya abambo, anati kulibe, khalani paliponse. Amuna ndi akazi kusakanikirana ngati m'minibasi. Ndinakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko, kumanzere kwanga khoma, kumanja mayi wina wonenepa wa kampango m'manja, pamwamba pathu chisipika chachikulu ngati firiji.

Anaimba ataimirira ola lathunthu ndi kuposa. Ine ndinatsegula buku la nyimbo kudikira kuti atchule nambala, nambala osatchulidwa, mawu akungowala pakhoma n'kuthawa ndisanamalize kuwerenga. Ndinatseka bukulo. Atati tiyeni tipemphere ndinatsinzina bwinobwino kudikira wotsogolera, ndiye holo yonse inangophulika, aliyense pemphero lake, ena akuyendayenda, mayi wa pambali panga akumenya mpando. Ine ndinanena Atate Wathu katatu iwo asanathe. Kenako abusa, bambo wamfupi wa suti yoyera ndi kathaulo paphewa, anati aliyense agwire dzanja la neba wake amuuze kuti suli wekha. Mayi uja anandigwira ndi manja onse awiri n'kundiuza m'khutu labwinolo. Ndinafuna kulanda dzanja langa. Sindinalande. Ndinakumbuka kuti chichokereni pamaliro paja palibe amene anandigwirapo dzanja nthawi yaitali choncho, kupatula namwino woyeza BP. Ndinapsa mtima ndi zimenezonso.

Nthawi yonseyi maso anali pantchito. Mitu inali yambiri, mawigi, maduku, Enelesi osaoneka. Ndinayamba kuganiza kuti mwina achemwali anasokoneza, mwina ndawononga Lamulungu langa pachabe. Koma kutsogolo pambali pa abusa panali wina wogwira maikolofoni yachiwiri, abusa akanena Chichewa iye n'kumamasulira m'Chingerezi (kaya amamasulira ndani, poti mzungu munalibemo). Ndinamuyang'anitsitsa. Anali mnyamata uja ndinamuthamangitsa ndi chidebe, atanenepako pang'ono. Ndinadziwa kuti sindinasochere.

Itafika nthawi ya zolengeza ndinakonza jekete. Abusa anayankhula, sipika ikulira pamutu panga, mkamwini akuponderezapo Chingerezi chake. Khutu langa linatola atatu ake aja: alendo, kutsogolo, tiwalandire. Zimene ananena zenizeni ndinazidziwa pambuyo pake. Anati amayi amene Ambuye akupatsani alendo miyezi yapitayi, bwerani nawo kutsogolo tiwalandire ndi kuwadalitsa. Musandiuze, ndikudziwa. Kwathunso mwana akabadwa timati kwabwera mlendo, ndakhala ndikunena mawu amenewa moyo wanga wonse. Koma kwathu makanda amapita kutsogolo tsiku la ubatizo, pali madzi m'mbale, makolo onse awiri ataima, osati kungowaitana pakati pa zolengeza. Ndipo munthu amene wayeserera mawu ake mpaka kuwaloweza, akamva zoti alendo saganiza za matewera.

Ndinanyamuka, Baibulo m'khwapa. Mayi wa pambali uja anandikoka jekete, ine ndinayesa akundilimbikitsa. Pakati pa njira mayi wa lamba wofiira anaima patsogolo panga n'kuti, dadi, si inu. Ndinamuuza kuti ndine mlendo, ndachokera ku Ntcheu, andipatse njira. Anayankhulanso zina koma anali atasunthira kumanzere. Ndinamulambalala.

Ndinafika woyamba. Ndinatembenuka kuyang'ana mpingo, enawo anabwera n'kundanda kumanzere kwanga. Ndinaponyako diso kamodzi, ndinaona kuti ndi amayi okhaokha, ndinati abambo a m'tauni ndi aulesi, sayendera mipingo. Sindinawayang'anenso. Maso anga anali m'mipando kusaka Enelesi, kuti ndione nkhope yake ndikamatchula dzina.

Abusa anabwera ndi maikolofoni, anandiyang'ana kuyambira nsapato mpaka ndevu.

"Bambo, mlendo wanu ali kuti?"

"Ndine ndemwe."

Mkamwini sanamasulire. Ndinamuona atatsitsa maikolofoni, kukamwa kuli yasa. Kumbuyo kunayamba kaphokoso ngati mvula ikamayamba padenga. Abusawo anali munthu wanthabwala, anaona kuti lero Mulungu wawapatsa zaulere. Anandifunsa kuti ndafika liti.

"Lachinayi, cha m'ma folo koloko madzulo."

"Lachinayi lomweli? Mwakula msangatu. Nanga kuchipatala anakuonani?"

"Ndinapita Lachisanu, anati ndibwerenso Lolemba adzandiyeze."

Apa ndi pamene wa kiyibodi anagwa. Amayi a kutsogolo anagwirana mapewa, wina kumbuyo anakuwa kuti musaiwale khadi la kusikelo. Ine ndinamva khadi. Khadi ndinali nalo, la mpingo, ndinalitulutsa m'thumba n'kulikweza m'mwamba kuti aone kuti sindine munthu wongotoleka pamsewu. Musandifunse zimene zinachitika. Bambo wina anatuluka panja atagwira mimba.

Abusa akupukuta misozi ndi kathaulo kaja anafunsa kuti nanga amayi ali kuti, mwabwera nokha? Iwo ankapitiriza nthabwala yawo ya khanda. Ine ndinayankha zimene ndinafunsidwa.

"Anamwalira. Chaka chachiwiri chino. Ndabwera ndekha."

Kuseka kunachepa, kunatsala kwa ana ndi ena akumbuyo amene sanamve. Koma ine ndinali nditapsa kale mtima. Ndinalanda maikolofoni. Ndinatchula dzina langa lonse, mudzi, mpingo, ndinapereka moni wa Akhristu a kwathu monga mwa mwambo, chifukwa ine ndinaleredwa. Kenako ndinawauza. Ndinati kwathu mlendo sitimuseka, timamupatsa mpando ndi madzi akumwa. Ndinati ndagona masiku atatu mumzinda wanu uno popanda wondifunsa kuti ndadzuka bwanji, lero ndabwera m'nyumba ya Mulungu mukundiseka ngati ndaiwala buluku. Ndinanenanso za masipika, za mawigi, ndi za anthu obatiza kawiri ana a eni. Munthu wogontha amakuwa kale akamayankhula, ndiye muwonjezerepo maikolofoni.

Chimene chinandiimitsa ndi kulira. Khanda linalira kumanzere kwanga, lina linalandira, kenako onse. Kulira kwa makanda asanu ngakhale khutu lakufa limamva. Ndinatembenuka. Amayi asanu, aliyense kamwana m'manja, mashawelo oyera, tizipewa, timasokosi. Ndinayang'ana makanda, ndinayang'ana khadi langa, ndinayang'ana abusa. Mawu awiri aja amene khutu linataya anafika okha, mochedwa.

Ndipo kumapeto kwa mzerewo kunali Enelesi. Ndinamusaka m'mipando monse, iye ali pamzere umodzi ndi ine, mayi wachisanu, atazyolika, akugwedeza kamwana. Mapewa ake ankanjenjemera. Kaya kunali kuseka kaya kulira, mpaka lero sindinamufunse. Ine sindinkadziwa n'komwe kuti anali woyembekezera.

Ndinafuna kuthawa. Abusa anatenga maikolofoni yawo mwaulemu, anandigwira paphewa n'kuti imani pomwepo bambo, nanunso tikulandirani. Anayamba kuyenda pamzere kufunsa maina a ana. Maina ake a masiku anowa, Feva, Mirako, ena sindinawamve. Atafika pa Enelesi anamuikira maikolofoni pakamwa, iye anayankha motsitsa, ine sindinatole kanthu. Ndinangoona kuti holo yonse yati zii, mitu yonse yatembenukira kwa ine. Abusa anamufunsanso, kenako ananena okha mokweza. Linali dzina langa. Lomwe lija ndinali nditangolikuwa. Pano sindilitchula, koma dziwani kuti ndi lachikale, lovuta kutchula, anzanga ankandiseka nalo kusukulu. Palibe amene akupatsanso mwana dzina limenelo masiku ano, pokhapokha ali ndi chifukwa.

Abusa anayang'ana Enelesi, anayang'ana womasulira wawo, anayang'ana ine. Nthabwala zinawathera. Anangoti tiyeni tipemphere. Anayenda akusanjika dzanja pamutu pa khanda lililonse, ndipo pomaliza anasanjikanso pa dazi langa. Ndinadalitsidwa pamodzi ndi makanda, ine wa zaka 56. Sindinatsinzine, ndinkayang'ana simenti.

Potuluka amayi a mumpingomo anandizungulira. Wina anati mlendo wathuyu wayamba kale kuyenda, wina anati mano amera onse, ena aguluka kale. Ankanena mwachikondi, ndikudziwa, koma ine ndinkangofuna minibasi. Kenako anapatuka, Enelesi anafika, anagwada pafumbi pomwepo mwana ali m'manja.

"Ababa, mwadzuka bwanji?"

Masiku atatu ndinali ndikudandaula kuti palibe wondifunsa funso limeneli. Ndinali ndi mawu abwino amene ndinakonza, oti ndadzuka bwino, kumudzi kuli bwino, mtengo wa mapeyala uja unadzala unayamba kubereka. Chimene chinatuluka ndi ichi:

"Dzina langa unapempha kwa ndani?"

"Ndinaimba kuti ndipemphe, ababa. Tsiku limene anabadwa ndinaimba, mawa lake ndinaimbanso. Foni yanu imandikana."

Iye anaimirira n'kungondiika mwanayo m'manja osandifunsa. Kopepuka ngati keni yopanda madzi. Makutu akuluakulu otambasuka, a kwathu enieni, onse awiri amoyo. Kanandiyang'ana, kanagwira ndevu n'kukoka. Ndinaima choncho kaya mphindi zingati.

Ndiye anafika mkamwini, anapereka moni ndi manja awiri, anati bambo tiyeni kunyumba, si patali, mukadye. Ananena bwino, ulemu wonse. Koma pamilomo pake panali patatsala kachidutswa ka kuseka kuja, kakang'ono, kaya kanalipodi kaya ndinaikapo ndekha. Ndinabweza mwana kwa amake. Ndinati ndili ndi zochita ku Mbayani. (Zochita zanji? Msomali.) Ndinkayembekezera kuti Enelesi andichonderera kawiri katatu, kachitatuko ndivomere. Sanachonderere. Ndi mwana wanga, mtima anatengera ine. Anangofunsa kuti kuchipatalako ndi mbali iti ndipo nthawi yanji. Ndinati kwa a makutu, m'mawa, ndinanyamuka. Ndinayenda pang'onopang'ono mpaka pamsika kuti wina akafuna kundiitana asavutike. Ngati anaitana ndiye anaitanira kumanzere.

Minibasi ziwiri kubwerera. Ndinagula chipisi pamsewu, ndinadyera pabedi, jekete ili pamsomali. Masana onse ndinakhala ndikudinadina foni kufuna kutsegula nambala ija, potsegulira osapapeza. Chimene ndinakwanitsa ndi kuyatsa tochi, imene inandivutanso kuzimitsa.

Lolemba m'mamawa ndinali pabenchi ya kuchipatala. Patapita nthawi ndinamva benchi yagwedezeka, kuyang'ana, Enelesi wakhala kumanzere kwanga mwana ali kumbuyo. Anayamba kuyankhula. Anayankhula nthawi yaitali, akuyang'ana kutsogolo, nthawi zina akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Ine sindinamve ngakhale liwu limodzi. Iye anachoka pakhomo khutulo lisanafe lonse, sankadziwa kuti lakufa ndi liti. Ndikanatha kumuuza kuti akhale mbali inayi. Ndinaganiza, ndinati ndikamva atatu ndiikamo awiri anga, tiyambanso. Ndiye ndinangokhala ndikugwedeza mutu. Atamaliza anatembenuka n'kundiyang'ana, ndipo izi ndinaziwerenga pamilomo: zikomo ababa pondimvetsera. Moyo wanga wonse palibe amene anandiyamikapo pa chinthu chimenecho.

Adokotala anandiveka zinthu m'makutu, anati lakumanzere linapita silidzabweranso, lakumanja ndizilisamala, ndiziikamo thonje pokhoma. Sindinakalipe. Kudepoti Enelesi anatenga foni yanga, anadina kawiri basi, n'kundibwezera nambala yake itatseguka. Kunyumba kwake sindinafikeko. Basi inali itadzaza ikufuna kunyamuka, ndipo panalibe wondiitananso kachiwiri.

Chibwerereni wakhala akuimba Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi. Amaika foni pakamwa pa mnzanga wa dzina, ine n'kumamvetsera kupuma. Phunziro ndinatolapo: mukapita kumpingo wa eni ake n'kumva kuti alendo abwere kutsogolo, yambani mwaona ngati alendo enawo akuyenda okha kapena anyamulidwa. Limenelo ndinaligwira. Linalo ndiye kaya. Lamulungu lapitali ataimba ndinamuuza kuti zimene anachita abusa aja si ubatizo, dzina langa silingakhale pa mwana wosabatizidwa, abwere naye kuno tidzachite zenizeni ndi madzi. Nditangomaliza foni inaduka. Mwina ndi netiweki.

Lero ndi Lachinayi. Ndikudziwa kuti amaimba Lamulungu. Komabe thonje la adokotala ndalichotsa, foni ndaiika pathebulo mbali yakumanja, ndipo ndowa imene ndikanaimaliza dzana ikadali yopanda chogwirira, poti ndikamenya kawiri ndimaima kumvetsera.